Oyilo akamadontha mu injini ya dizilo: kupeza gwero lake ndi kukonza kwake

Nyengo yogulitsa mbewu ikafika m'dera la Mfumu Nyampande ndi m'madera ena a Petauke ndi Nyimba, m'chigawo cha kum'mawa kwa dziko la Zambia, magalimoto a dizilo sapuma. Ma Canter, ma Dyna ndi ma Hilux amalowa m'midzi m'mamawa kukanyamula chimanga, mtedza, soya, mpendadzuwa ndi thonje. Ena amatula katundu pa misika ya bungwe la Food Reserve Agency, ena amapitirira mpaka ku Lusaka, mtunda wa makilomita pafupifupi 400 kuchokera pa boma la Petauke. Ambiri mwa magalimotowa anagulidwa atagwira kale ntchito zaka zambiri ku Japan, ndipo pansi pa ambiri a iwo pamaoneka dontho lakuda paliponse pamene aima.

Eni magalimoto ambiri anazolowera dontho limeneli. Amayenda ndi chigubu cha oyilo kuseri kwa mpando, n'kumathira pang'onopang'ono pamene akumbukira. Koma kuthira oyilo wina sikuchiza vutolo, ndipo injini ikafa pakati pa nyengo ya malonda, banja limataya ndalama za chaka chonse. Nzeru ya umakaniko pa nkhaniyi ndi yakuti malo amene oyilo akugwera pansi kawirikawiri si malo amene akutulukira. Choncho ntchito yoyamba ndi kupeza gwero lenileni ndi chimene chachititsa, munthu asanagule chitsulo chilichonse.

Ntchito ya oyilo mu injini

Oyilo amakhala m'beseni la pansi pa injini lotchedwa sampu. Injini ikangolira, pampu imamukoka kudzera m'kasefa ka waya, n'kumukankhira mu fyuluta, kenaka m'tinjira ting'onoting'ono topita ku ma bearing a crankshaft, ku camshaft, ku mapisitoni ndi ku turbo ngati ilipo. Kumeneko amalowa pakati pa zitsulo kuti zisakhudzane, amachotsa kutentha, ndiponso amanyamula mwaye ndi tizidutswa ta zitsulo. Akamaliza amatsikiranso mu sampu.

Injini ya dizilo imapanikiza mpweya kwambiri kuposa ya petulo. Mainjini akale a Toyota monga 3L ya mu Hilux ndi 1HZ ya mu Land Cruiser amaupanikiza kuwirikiza pafupifupi ka 22, pamene injini ya petulo imapanikiza pafupifupi ka 10. Chifukwa cha ichi ma bearing amasenza katundu wolemera, ndipo oyilo akasowa kwa mphindi zochepa chabe zitsulo zimadyana. Apa m'pamene amakaniko amanena kuti injini yanoka.

Hilux imalowa malita 6 kapena 7 a oyilo, ndipo Land Cruiser ya 1HZ imalowa pafupifupi malita 10. Madontho pafupifupi 20 ndiwo amakwana mililita imodzi. Zikutanthauza kuti injini yotaya dontho limodzi pa sekondi iliyonse imataya lita yathunthu maola 6 asanakwane. Galimoto yolemedwa ndi matumba a chimanga imatha maola oposa amenewa kuchoka ku Petauke kufika ku Lusaka, ndipo m'zitunda za pakati pa Nyimba, Kacholola ndi mlatho wa Luangwa injini imatentha, oyilo n'kupyapyala, kudontha n'kuwonjezeka.

Kudziwa chimene chikudontha

Si chakuda chilichonse cha pansi pa galimoto chimene chili oyilo wa injini. Njira yosavuta ndi kuimika galimoto pamalo osendekera pang'ono ngakhale mbali imodzi ayi, koma athyathyathya, n'kuyala katoni yoyera pansi pake usiku wonse. M'mawa katoniyo imaonetsa mtundu wa chimene chadontha ndi mbali imene chikugwera.

Oyilo wa injini ya dizilo amakhala wakuda bii chifukwa cha mwaye, ngakhale atangothiridwa masiku ochepa apitawo. Oyilo wa giyabokosi ndi wa difu ndi wolimbirako, wachikasu kapena wofiirira, ndipo ali ndi fungo lamphamvu lonunkha ngati dzira lovunda. Wa chiwongolero kawirikawiri amakhala wofiira. Dizilo ndi wopyapyala, amafalikira msanga pa katoni, ndipo fungo lake silisowa. Akamatuluka pa pampu ya dizilo kapena pa mapaipi a ma injector amatsuka litsiro la pa injini n'kutsika ali wakuda, mwakuti munthu angaganize kuti ndi oyilo. Mafuta a mabuleki ndi oyera ndiponso oterera, ndipo galimoto imene ikutaya amenewa siyenera kuyenda ngakhale mtunda waufupi.

Chotsatira ndi kuyeza kuchuluka kwa oyilo amene akutayika. Kandodo koyezera, kamene amakaniko amakatcha dipstick, kamanena zoona pokhapokha galimoto itaima pamalo olingana ndipo injini itazima kwa mphindi 5 mpaka 10. Woyeza amakasolola, kukapukuta, kukabwezera mpaka pansi, n'kukasololanso. Pa magalimoto ang'onoang'ono ambiri, kuchokera pa chizindikiro cha pansi kufika pa cha pamwamba ndi pafupifupi lita imodzi. Mwini galimoto akamalemba m'kabuku makilomita amene wayenda ndi oyilo amene wathira, pakutha pa mlungu amadziwa ngati vutolo lili la thukuta chabe kapena lofunika kuimika galimoto.

Kutsuka ndi kuyang'ana

Aliyense amene anagonapo m'nyumba yodontha amadziwa kuti madzi amalowa pa bowo lina, n'kutsata phaso, n'kukagwera pakati pa nyumba. Oyilo nayenso amatero. Amatsika kuchokera pamwamba, ndipo galimoto ikamathamanga mphepo ya pamsewu ndi ya fani imamukankhira kumbuyo. M'misewu ya fumbi ya kumidzi oyilo ndi dothi zimaumbana n'kukuta injini yonse, kotero kuti zonse zimaoneka zonyowa. Makaniko wofulumira amaona dontho pa sampu n'kunena kuti gasketi ya sampu yatha, chonsecho oyilo akuchokera pa chivundikiro cha pamwamba.

Choncho injini iyenera kutsukidwa kaye. Imazimitsidwa ndi kusiyidwa kuti izizire, chifukwa madzi ozizira angang'ambe chitsulo chotentha. Alternator, malo olowera mpweya ndi zolumikizira mawaya zimakutidwa ndi pulasitiki. Litsiro limafewetsedwa ndi parafini kapena mankhwala otsukira injini, n'kulichotsa ndi burashi ndi madzi a sopo. Petulo sayenera kugwiritsidwa ntchito chifukwa amayaka msanga.

Injini ikauma, amailiza kwa mphindi 10 kapena 15 galimoto ili chiimire, akuunika ndi tochi kuyambira pamwamba kutsika pansi, kuyambira kutsogolo kupita kumbuyo. Malo a pamwamba kwambiri ndiponso a kutsogolo kwambiri amene anyowa ndi oyilo watsopano ndiwo gwero. Ngati sipakuoneka kanthu, galimoto imayendetsedwa makilomita ochepa n'kuunikidwanso. Kuwaza paudala wa ana kapena choko chosinja pamalo okayikitsa kumathandiza, pakuti oyilo amalemba mzere wakuda pa ufa woyerawo. Magalaja ena a m'mizinda amathira utoto wapadera mu oyilo, umene umawala ukaunikidwa ndi nyale yake. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ola limodzi lotsuka ndi kuunika lingapulumutse ndalama zotsitsira giyabokosi pachabe.

Pa ntchitoyi pali ngozi zake. Munthu sayenera kulowa pansi pa galimoto imene yakwezedwa ndi jeke yokha kapena yosanjikidwa pa njerwa. Manja ndi zovala zikhale kutali ndi fani ndi malamba. Pa mainjini atsopano a common rail, monga 2KD ndi 1KD, dizilo amayenda m'mapaipi ndi mphamvu yoti angaboole khungu, choncho malo odontha safufuzidwa ndi chala injini ikulira.

Malo amene oyilo amakonda kutulukira

Pamwamba penipeni pali chivundikiro cha mavalavu, chimene ambiri amati top cover. Gasketi yake ya mphira imauma ndi kutentha n'kuyamba kusweka, ndipo oyilo amatsikira m'mbali zonse za injini. Kuikonza n'kotsika mtengo ndipo sikutenga nthawi. Chitsekero cha pothirira oyilo nachonso chili ndi mphira amene amatha.

M'mbali mwa injini muli fyuluta ya oyilo. Imadontha ngati siinamangidwe bwino, ngati yaphwanyidwa ndi sipanala, kapena ngati mphira wa fyuluta yakale anatsalira pa injini ndipo yatsopano inamangidwa pamwamba pake. Mphira awiri oterewa angaphulike pamsewu n'kutaya oyilo yense m'mphindi zochepa. Pafupi ndi fyuluta pamakhala kaswitchi kamene kamayatsa nyale ya oyilo. Kakang'ambika kamatulutsa oyilo wambiri chifukwa kali pa njira imene pampu ikukankha. Pomwepo pali oil cooler, imene gasketi yake ndi timphira take timathanso.

Injini ya dizilo ili ndi chiwalo china chimene ya petulo kawirikawiri ilibe: pampu yokoka mpweya wothandizira mabuleki. Pa mainjini ambiri akale, monga 3L, pampuyi ili kumbuyo kwa alternator ndipo imalandira oyilo kudzera m'timapaipi. Timapaipiti tikauma, oyilo amalowa mu alternator n'kuiwononga, batire n'kusiya kudzaza. Pa injini ya turbo palinso paipi yobweretsa oyilo ndi ina yomubweza ku sampu. Oyilo wotuluka apa amagwera pa ekisozi yotentha, ndipo pa galimoto yonyamula thonje kapena yodutsa m'udzu wouma wa mwezi wa Okutobala, moto sukhala patali.

Kutsogolo kwa injini kuli mphira zozungulira zotchedwa oil seal, ina pa crankshaft, ina pa camshaft. Pa mainjini oyendera lamba wa timing, monga 3L, 5L ndi 1HZ, oyilo wotuluka apa amanyowetsa lambayo n'kumufewetsa. Lamba akaduka kapena kudumpha mano, mapisitoni amamenya mavalavu. Ndi chifukwa chake makaniko wodziwa ntchito akasintha seal yakutsogolo amasinthanso lamba amene wanyowa, ngakhale makilomita ake asanakwane. Ma Canter ambiri akale amayendera magiya m'malo mwa lamba, koma chivundikiro cha magiyawo nachonso chili ndi gasketi ndi seal yake.

Kumbuyo, pamene injini yakumana ndi giyabokosi, kuli seal ina ya crankshaft. Seal yokhayo si yokwera mtengo, koma kuti munthu aifikire ayenera kutsitsa giyabokosi, klatchi ndi flywheel. Ikamadontha kwambiri, oyilo amafika pa klatchi, galimoto n'kumalira kwambiri pachitunda koma osakoka. Popeza oyilo wochokera pamwamba amakathera pamalo omwewa, ndi bwino kutsimikiza kuti kumbuyo kwa top cover n'kouma ntchito yaikuluyi isanayambe. Fungo la dontholo lithandizanso kudziwa ngati ndi la injini kapena la giyabokosi.

Pansi penipeni pali sampu. Miyala ndi zitsa za m'misewu ya kumidzi, makamaka pa mitsinje youma imene magalimoto amawoloka, zimaiphwanya kapena kuiboola. Bawuti yotulutsira oyilo ili ndi washa wa mkuwa kapena aluminiyamu amene ayenera kusinthidwa nthawi iliyonse posintha oyilo. Ambiri amabwezera wakale yemweyo n'kumanga mwamphamvu, mpaka mazinga a sampu amatha.

Chimene chimakankha oyilo kuti atuluke

Pali magalimoto amene amasinthidwa seal lero, patapita milungu iwiri n'kuyambanso kudontha, mwina pamalo ena. Zikatere, vuto lili m'kati mwa injini. Pisitoni iliyonse ili ndi maring'i otsekera mpweya, koma mpweya pang'ono umadutsabe n'kulowa kumene kuli oyilo. Opanga injini anaika kapaipi kopumira, kotchedwa breather, kotulutsa mpweya umenewu. Kapaipika kakatsekeka ndi phala la oyilo wakale, kapena kakapindika, mpweya umasowa kolowera ndipo umakankha oyilo pa seal ndi gasketi iliyonse yofooka. Nthawi zina dipstick imatukuka yokha. Kutsuka kapaipi kameneka sikulira ndalama, koma ambiri sakayang'ana n'komwe.

Ngati kapaipi kali bwino, maring'i ndiwo ayenera kukayikiridwa. Injini itatentha ndipo ikulira pang'onopang'ono, makaniko amamasula chitsekero cha pothirira oyilo n'kuchisiya pabowopo osamanga. Kampweya kochepa n'kachibadwa pa injini ya dizilo. Koma ngati chitsekerocho chikudumphadumpha mpaka kugwa, utsi n'kumatuluka motsatizana, maring'i kapena masilinda atha. Chipangizo choyezera mphamvu ya masilinda chimatsimikiza zimenezi. Injini yotere siingasiye kudontha mpaka itatsegulidwa ndi kukonzedwa m'kati.

Chimene chimadya maring'i msanga m'madera ngati Nyampande ndi fumbi. Kuyambira mwezi wa Meyi mpaka mvula yoyamba, galimoto yotsatira inzake pa msewu wa dothi imapuma fumbi lokhalokha. Fyuluta ya mpweya ikang'ambika, kapena paipi yochokera ku fyuluta ikakhala ndi mng'alu, mchenga wosalala umalowa m'masilinda n'kumapala zitsulo ngati tupa. Chizolowezi chomenyetsa fyuluta pa tayala kapena kuitsuka ndi madzi chimaiboola timabowo tosaoneka ndi maso. Kuchedwa kusintha oyilo, kuthira oyilo wopitirira chizindikiro cha pamwamba, ndi kulola injini kutentha mopitirira muyezo, zonsezi zimafupikitsa moyo wa mphira ndi magasketi.

Oyilo wotha popanda dontho

Nthawi zina oyilo amachepa koma pansi pali pouma. Utsi wobiriwira motuwa wa ku ekisozi umasonyeza kuti injini ikuwotcha oyilo, kaya kudzera m'maring'i, m'timphira ta mavalavu, kapena mu turbo. Kanyontho kochepa ka oyilo m'mapaipi a turbo n'kozolowereka, koma oyilo wochita kutayika paipi ikamasulidwa ndi chenjezo lalikulu. Injini ya dizilo imatha kuyaka ndi oyilo wake womwe. Turbo ikamuthira wambiri m'masilinda, injini imathamanga yokha mopitirira malire, utsi uli tolotolo, ndipo ngakhale kiyi atazimitsidwa siizima. Pa galimoto ya klatchi, woyendetsa amaponda buleki mwamphamvu, kulowetsa giya yapamwamba kwambiri, n'kusiya klatchi kuti injini itsamwe. Njira ina ndi kutseka polowera mpweya ndi thabwa, osati ndi dzanja kapena nsalu. Zikakanika, anthu onse atalikire.

Oyilo akapezeka akuyandama m'rediyeta, kapena wa mu sampu akasanduka wotuwa ngati tiyi wamkaka, ndiye kuti oyilo ndi madzi zikukumana. Ambiri amathamangira kunena kuti ndi gasketi ya hedi, koma oil cooler yoboola imachitanso chimodzimodzi, ndipo ndiyo yoyenera kuyezedwa poyamba popeza n'njosavuta kuifikira.

Palinso injini imene oyilo wake amachuluka m'malo mochepa. Mwini wake asakondwere nazo. Kawirikawiri ndi dizilo amene akulowa mu sampu kudzera pa seal ya pampu kapena pa ma injector otha. Oyilo wosakanikirana ndi dizilo amanunkha dizilo, amapyapyala, amadutsa mosavuta pa seal, ndipo sateteza ma bearing.

Kukonza koyenera

Gwero likapezeka, kukonza kumafuna ukhondo ndi kuleza mtima kuposa mphamvu. Gasketi yakale imachotsedwa yonse, nkhope ziwiri za chitsulo n'kupalidwa mosamala ndi kupukutidwa mpaka ziume. Mabawuti a top cover ndi a sampu ndi aang'ono. Amamangidwa pang'onopang'ono mosinthanasinthana, kuyambira pakati kupita kunja. Kumanga mopitirira kumafinya gasketi ndi kupinda mlomo wa sampu, kudontha n'kuchuluka kuposa kale.

Silikoni ali ndi malo ake. Mainjini ena anapangidwa kuti sampu yawo imatidwe ndi silikoni yekha, koma mzere wake uyenera kukhala wopyapyala, ndipo apatsidwe nthawi youma oyilo asanathiridwe. Akapakidwa wambiri, wotsala amafinyikira m'kati, n'kuduka, n'kukatseka kasefa ka pampu. Injini yotere imafa ndi ludzu sampu ili yodzaza.

Seal yatsopano imapakidwa oyilo pang'ono pa mlomo wake, n'kulowetsedwa mowongoka, mbali ya kasipuling'i itayang'ana m'kati mwa injini. Makaniko ayambe wapapasa chitsulo chimene seal imagwira. Ngati seal yakale inakumbapo kamzere, yatsopano idzadonthanso pokhapokha ataikhazika posiyana pang'ono kapena kuveka chitsulocho kamkombero kosalala. Fyuluta imamangidwa ndi dzanja: mphira wake akapakidwa oyilo n'kukhudza injini, imapotozedwanso pafupifupi magawo atatu a magawo anayi a kuzungulira kumodzi. Ntchito ikatha, injini imatsukidwanso, kuyendetsedwa, n'kuunikidwanso tsiku lotsatira.

Zipangizo zina zimapezeka m'masitolo a pa boma la Petauke ndi pa Nyimba, koma zina zimachita kuitanitsidwa ku Chipata kapena ku Lusaka. Wogula atenge nambala ya injini ndi ya chasisi, ndipo ngati n'kotheka atengenso seal yakale, popeza magalimoto a dzina limodzi amakhala ndi mainjini osiyana. Pa seal ya kumbuyo, kugula yotsika mtengo kwambiri n'kutaya ndalama, pakuti ikalephera giyabokosi iyenera kutsikanso.

Pali njira zachidule zimene zimamveka pa masiteshoni. Ena amathira mafuta a mabuleki mu oyilo kuti mphira zitupe. Zimatupadi kwa masiku ochepa, kenaka zimafewa n'kuwonongeka zonse pamodzi. Ena amathira oyilo wa giyabokosi kuti alimbe, koma oyilo wotere amachedwa kufika ku ma bearing ndi ku turbo m'mawa wozizira wa mwezi wa Juni. Mainjini ambiri akale a dizilo amafuna oyilo wa 15W-40 wolembedwa kuti ndi wa dizilo, monga wa chizindikiro cha CH-4 kapena CI-4, ndipo pa ntchito ya fumbi ndi katundu wolemera amasinthidwa pa makilomita 5,000 alionse pamodzi ndi fyuluta. Mainjini atsopano ali ndi oyilo wawo, wolembedwa m'buku la galimoto. Ku Zambia, malonda a oyilo amayang'aniridwa ndi bungwe la Energy Regulation Board, ndipo oyilo wa m'chigubu chomata bwino ndi wodalirika kuposa wopungulidwa m'mabotolo m'mbali mwa msewu, amene gwero lake silidziwika.

Vuto likachitika pa ulendo

Nyale yofiira ya oyilo siinena kuti oyilo wachepa pang'ono. Imanena kuti pampu yasiya kukankha mokwanira. Ikayaka galimoto ikuyenda, woyendetsa apatuke pamalo abwino n'kuzimitsa injini nthawi yomweyo, ngakhale mudzi wotsatira ukuoneka patsogolo. Ayeze oyilo ndi kuyang'ana pansi. Ngati oyilo wachepa, athire wina n'kuliza injini. Nyale ikapanda kuzima m'masekondi ochepa, galimoto iyenera kukokedwa. Mtengo wokoketsa galimoto kuchokera ku Kacholola kufika pa Nyimba ndi wochepa poyerekeza ndi mtengo wa crankshaft.

Sampu ikabooka kutali ndi galaja, oyilo wotsala amakhetsedwa m'chigubu choyera, malo obookawo n'kupalidwa ndi kupukutidwa mpaka aume, kenaka n'kumatidwa ndi phala lomata zitsulo monga la Pratley. Sopo wa mtanda wofinyidwira mu mng'alu waung'ono amathanso kugwira kwa makilomita ochepa. Izi n'zongofikitsa galimoto kwa makaniko. Powotcherera, sampu iyenera kuchotsedwa pa injini ndi kutsukidwa, chifukwa nthunzi ya oyilo ingaphulike.

Oyilo wotayika ndi lamulo

Oyilo wodontha savulaza mwini galimoto yekha. Pa phula, makamaka mvula yoyamba ikagwa, amatereretsa njinga zamoto ndi zakapalasa zimene zachuluka pa msewu wa Great East. Bungwe la Road Transport and Safety Agency, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la zapamsewu la chaka cha 2002, limayeza magalimoto ngati ali oyenera kuyenda, ndipo galimoto yotaya oyilo kwambiri siili m'gulu la zoyenera.

Oyilo wakale wochotsedwa mu injini ali ndi mwaye ndi zitsulo zapoizoni, ndipo kukhudzana naye kawirikawiri kwa zaka zambiri kungayambitse matenda a khungu, kuphatikizapo khansa. M'midzi ena amapakidwa pa zilonda za ng'ombe, kuthiridwa m'zimbudzi, kapena kutayidwa kuseri kwa galaja. Kuchokera pamenepo amalowa m'nthaka n'kukafika m'zitsime ndi m'madambo mmene anthu amalima ndiwo zamasamba. Pansi pa lamulo la zachilengedwe la chaka cha 2011, limene linakhazikitsa bungwe la Zambia Environmental Management Agency, oyilo wakale ali m'gulu la zinyalala zoopsa. Malo ake ndi m'mgolo wotseka bwino, kutali ndi ana ndi ziweto, mpaka ataperekedwa kwa amene ali ndi chilolezo chomusonkhanitsa. Madzi otsukira injini nawonso asalowe mumtsinje.

Zonsezi zikukhudzanso mathirakitala, zigayo ndi mapampu a madzi oyendera dizilo, amene m'midzi yambiri ya Nyampande ndiwo amagwira ntchito kumene magetsi sanafike. Nthawi yabwino yofufuza kudontha ndi mwezi wa Epulo kapena Meyi, mvula itatha koma mbewu zisanayambe kutuluka m'midzi, pamene galimoto ingaime masiku awiri osataya makasitomala. Ikalowa m'nyengo ya malonda, chotsala ndi kuyeza oyilo m'mawa uliwonse injini isanalire, ndi kuyang'ana pansi pamene galimoto inagona.